Kapolo, waganyu kapena mwana: chimene chimamugwaditsa Mkhristu

Mpingo uliwonse uli ndi mabuku ake. Pali buku la obatizidwa, buku la odya Mgonero, buku la zopereka, ndipo mlembi wakhama akhoza kukuuzani amene wapereka chakhumi miyezi yonse ndi amene akadali ndi ngongole ya chaka chatha. Koma palibe buku la mpingo limene lingasunge chinthu chimene Baibulo limachiika patsogolo pa zonsezi, ndicho chifukwa chimene munthu amachitira zimene amachitazo. Anthu awiri akhoza kukhala pa benchi limodzi, kuimba nyimbo imodzi, kuponya ndalama zofanana m'mbale, wina atabwera chifukwa mtima wake ukufuna Mulungu, mnzakeyo atabwera poopa kuti akajomba kawiri katatu akulu a mpingo adzamuyendera. Pamaso pa anthu, awiriwa ndi amodzi. Ine ndikuti si amodzi, ndipo kusiyana kwawo si nkhani yaing'ono yongokometsera chipembedzo. Kudzipereka kumene Chikhristu chimafuna n'kochokera m'chikondi. Lamulo ndi udindo zili ndi malo ake, malo olemekezeka ndithu, koma malowo ali pambuyo, ndipo zikangoikidwa patsogolo zimaononga chinthu chomwecho chimene zimati zikuteteza.

Funsoli ndi lakale kwambiri. Buku la Yobu limayamba nalo, ndipo wolifunsa ndi Satana. Iye sanakane kuti Yobu ankapereka nsembe m'malo mwa ana ake ndiponso ankapewa zoipa, zonsezo anazivomereza. Chimene anakayikira ndi muzu wake. Munthu wa nkhosa 7,000, ngamira 3,000 ndi ana khumi, wotchingidwa ndi mpanda wa madalitso mbali zonse, angalephere bwanji kugwada? Maganizo a Satana anali akuti chipembedzo cha Yobu n'chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera, ndipo mukangogwetsa mpandawo mudzamva munthu akutukwana. Chodabwitsa n'chakuti Mulungu sanayankhe kuti zilibe kanthu bola munthuyo akumvera. Analola kuti nkhaniyo iyesedwe, ngakhale kuti mayesowo anamuwawa Yobu mosaneneka. Wowerenga akhoza kuvutika mtima ndi mayeso amenewa, ndipo n'zomveka. Koma mfundo imodzi ikuonekera poyera m'machaputala awiri oyambawo: kwa Mulungu, kumvera kopanda chikondi n'kosakwanira, ndipo woneneza akanapambana mlanduwo zikanapezeka kuti Yobu ankangogwirira malipiro.

Basil, bishopu wa mzinda wa Caesarea m'dera la Cappadocia, komwe lero ndi dziko la Turkey, amene anamwalira cha m'ma 379, anaphunzitsa kuti munthu akhoza kumvera Mulungu ndi umodzi mwa mitima itatu. Akapewa choipa poopa chilango, ali ngati kapolo. Akachita chabwino poyembekezera mphotho, ali ngati wolembedwa ntchito. Akachichita chifukwa chokonda amene walamulayo, ali ngati mwana. Aliyense amene analembapo waganyu kumunda adzamva msanga zimene Basil ankanena. Waganyu amayamba ndi kuyeza ndime, kuwerenga mizere ndi kumvana mtengo. Akafika pamalire amene munagwirizana, khasu paphewa, ngakhale mzere wotsatira utadzaza ndi udzu. Ngati mwini munda wachokapo, yesero limabwera lakuti udzuwo angoukwirira ndi dothi m'malo mouzula, ndipo mvula ikagwa kawiri umaphukanso. Sikuti waganyu ndi munthu woipa. Nthawi zambiri imene yamutuma ndi njala, ndipo malipiro ake ndi omuyenera. Koma mwana wa mwini munda amalowa m'munda womwewo ndi maso ena. Akaona madzi atathyola mzere amakonza popanda womutuma, akaona kaufiti kunja kwa ndime ya lero amazula, chifukwa munda ndi wakwawo ndipo nkhope ya bambo ake pa nthawi yokolola amaidziwa. Khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo, koma waganyu amafunsa kuti chochepetsetsa chimene ndiyenera kuchita n'chiti, pamene mwana amafunsa kuti mundawu ukusowa chiyani.

Tisaiwale kuti Basil yemweyo sanali munthu wodana ndi malamulo. Mawu akewa ali m'mawu oyamba a malangizo amene analembera amonke, malangizo amene amonke a mipingo ya Orthodox amawalemekezabe mpaka lero. Ndipo moyo wake unaonetsa kumene mtima wa mwana umathera. Njala itagwa ku Cappadocia cha m'ma 368 ndi 369, anagawa chuma cha makolo ake, n'kuchonderera olemera kuti atsegule nkhokwe zawo, iye mwini n'kumagawira anthu chakudya. Pambuyo pake anamanga kunja kwa mzinda malo aakulu osamalirako odwala, akhate, alendo ndi osauka. Panalibe lamulo la mpingo limene linamuuza kukula kwa nyumba zimenezo. Lamulo limatha kutchula malire a pansi. Zimene munthu amachita kupyola pamenepo zimachokera kwina.

Yesu anaikhudza nkhaniyi mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amene ankaoneka operewera m'nkhani zake anali anthu osunga malamulo. Mu Luka 15 timakonda kuyang'ana mwana wolowerera, koma fanizolo limathera pa mkulu wake, ataima panja, akukana kulowa m'nyumba ya phwando. Dandaulo lake ndi la wantchito: zaka zonsezi wagwira ntchito ngati kapolo, sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi, koma sanapatsidwepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Sananame, analidi womvera. Chimene chinaululika tsiku limenelo n'chakuti ankakhala m'nyumba ya bambo ake akuwerengera, ndipo chimwemwe cha bambowo sichinali chimwemwe chake. Mu Luka 7 muli chithunzi china choonekera pafupi kwambiri. Simoni Mfarisi anaitana Yesu kudzadya ndipo anachita zimene mwambo unkafuna kuti chakudya chikhalepo, koma madzi osambitsa mapazi sanapereke, sanamupsompsone mlendo wake pomulandira, mafuta odzola kumutu sanatulutse. Mkazi wodziwika ndi mbiri yoipa m'mudzimo analowa osaitanidwa, n'kunyowetsa mapazi a Yesu ndi misozi, kuwapukuta ndi tsitsi lake ndi kuwadzoza mafuta onunkhira. Yesu anafotokoza kusiyanako ndi fanizo la angongole awiri, wina wa ndalama zasiliva 500, wina 50, onse okhululukidwa. Amene akudziwa kukula kwa ngongole imene wakhululukidwa ndiye amakonda kwambiri. Ndondomeko yake ndi imeneyo: kukhululukidwa kumayamba, chikondi chimatsatira, ntchito n'kumatuluka m'chikondicho.

Mbiri ya mpingo ili ndi anthu amene anayesa kutembenuza ndondomekoyi ndi mphamvu zawo zonse, ndipo umboni wawo ndi wolemera chifukwa palibe angawanene kuti anali aulesi. Mu July 1505 Martin Luther, wophunzira zamalamulo, anakumana ndi mphezi pafupi ndi mudzi wa Stotternheim ku Germany, ndipo chifukwa cha mantha analumbira kuti akapulumuka adzakhala mmonke. Patangopita masabata awiri analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt. Ali mmonke anasala kudya, kuchezera kupemphera, ndi kuulula machimo ake kwa nthawi yaitali mpaka mkulu wake, Johann von Staupitz, ankatopa naye. Koma mu 1545, atakalamba, akukumbukira zaka zimenezo, anavomereza kuti Mulungu wolungama ndi wolanga ochimwa amene ankamutumikirayo sankamukonda, ankadana naye. Izi n'zimene mantha amachita akakhala okha: amatha kumugwaditsa munthu, koma pansi pamtima amabala mkwiyo, pakuti palibe amene amakonda womuopseza. Mtendere anaupeza powerenga kalata ya Paulo kwa Aroma, pamene anazindikira kuti chilungamo cha Mulungu ndi mphatso yolandiridwa mwa chikhulupiriro. Mu 1520 analemba kabuku konena za ufulu wa Mkhristu, komwe anati munthu womasulidwa chotere sakhala manja lende, koma amadzipereka kutumikira mnzake mwaufulu, popeza sakufunanso kugula kanthu kwa Mulungu.

Nkhani ya John Wesley wa ku England ndi yofatsa kuposa ya Luther, ndipo mwina ndi imene ikufanana kwambiri ndi ya Mkhristu wamba wokhulupirika. Wesley anali mwana wa m'busa, iyenso anadzozedwa ubusa, ndipo ku Oxford ankatsogolera kagulu kamene kankasala kudya Lachitatu ndi Lachisanu, kuyendera akaidi ndi kusanthula moyo wawo tsiku ndi tsiku. Mu 1735 anakwera chombo kupita ku Georgia, ku America, kukagwira ntchito yaumishonale, koma anabwerako atakhumudwa, akukayika ngati iye mwini anali wotembenuka mtima. Pa 24 May 1738, pa msonkhano wa mumsewu wa Aldersgate ku London, wina akuwerenga mawu a Luther ofotokoza kalata ya kwa Aroma, Wesley anatsimikizika mumtima kuti Khristu anachotsa machimo ake enieniwo, osati a anthu ena okha. Pambuyo pake, poyang'ana zaka zoyambazo, ananena kuti anali ndi chikhulupiriro cha wantchito, chisanafike pa cha mwana. Chofunika kuona n'chakuti kusinthako sikunachepetse ntchito yake. Analalikira zaka zoposa 50 zotsatira, akuyenda pa kavalo m'midzi ya migodi ndi m'matauni a mafakitale, analemba motsutsa malonda a akapolo mu 1774, ndipo masiku ochepa asanamwalire mu 1791 analembera William Wilberforce kalata yomulimbikitsa pa nkhondo yomweyo.

Umboni umene ndimauona wamphamvu kuposa wonse suli m'moyo wa munthu mmodzi, uli m'kamangidwe ka buku lophunzitsira. Katekisimu wa Heidelberg anasindikizidwa mu 1563 ku Germany, pa lamulo la Frederick III, ndipo mlembi wake wamkulu anali Zacharias Ursinus. Ali ndi mafunso 129 ogawidwa m'Masabata 52, ndipo anafika kuno kudzera mwa amishonale a Dutch Reformed amene anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899. Mipingo yochokera ku ntchito imeneyo, monga Sinodi ya Nkhoma ya CCAP ndi Reformed Church in Zambia, ndi ya m'banja la mipingo imene imamuwerengera pakati pa mabuku a chiphunzitso chake. Bukuli lili ndi magawo atatu: kuipa ndi tsoka la munthu, chipulumutso, ndi kuthokoza. Tsopano funsani kuti Malamulo Khumi afotokozedwa pati. Munthu angayembekezere kuwapeza koyambirira, ngati makwerero okwerera kwa Mulungu. Sali kumeneko. Afotokozedwa limodzilimodzi m'gawo lachitatu, la kuthokoza, kuyambira funso 92, chipulumutso chitalongosoledwa kale. Pemphero nalonso lili m'gawo lomwelo, ndipo likutchedwa mbali yaikulu ya kuthokozako. Alembi aja sanachotse lamulo ngakhale limodzi. Anangoliika pamalo ake, monga yankho la munthu amene walandira kale, ndipo mwana aliyense wa m'kalasi amene analoweza mafunsowo motsatana anaphunzira, mwina mosazindikira, kuti kumvera kumabwera pambuyo pa chisomo.

Otsutsa ali ndi mawu, ndipo oyamba ndi a mkulu wa mpingo amene wakhala akuyendetsa mpingo zaka zambiri. Iye adzati: "Abale, zimenezi n'zokoma kumva, koma anthu timawadziwa. Mukangonena kuti palibe chokakamiza, mabenchi adzakhala opanda anthu, mbale idzabwerera yopepuka, ndipo abusa adzagona ndi njala." Mantha amenewa si opusa, ndipo Paulo anakumana nawo yekha, mu Aroma 6 akuyankha anthu amene ankati ngati chisomo n'chochuluka ndiye tizingochimwa. Koma taonani mmene Paulo yemweyo anasonkhetsera ndalama. Mu 2 Akorinto 8 ndi 9 akusonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo akunena poyera kuti sakulamula. Sakutchula mlingo, sakuopseza ndi temberero. Akuloza mipingo ya ku Makedoniya, yosauka kwambiri, imene inachita kupempha kuti iloledwe kuperekako ndipo inapereka kupyola mphamvu zake. Kenako akuloza Khristu amene anasauka chifukwa cha iwo, n'kusiya kuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, mosanyinyirika. Paulo ankadziwa kuti chokakamiza chimatulutsa zochepa zimene munthu angapereke popanda kuchita manyazi. N'zoona kuti mpingo ukasiya kuopseza, ena adzachoka kapena kuchepetsa. Koma amenewo mpingo unali usanawapeze n'kale. Unkangosunga mayina awo. Chitsutso cha mkuluyu chikutiuza kuti anthu ambiri sanafike pokonda Mulungu, ndipo mankhwala a vuto limenelo ndi kuwaonetsa Mulungu woyenera kukondedwa, osati kuwonjezera chikwapu.

Chitsutso chachiwiri n'chozama, ndipo chimachokera kwa anthu oona mtima. Chikondi, iwo amati, chimabwera n'kupita. Pali masiku amene pemphero limauma, nyimbo sizikhudza mtima, Baibulo limakhala ngati lotsekeka. Kodi tsiku lotero munthu asiye kupemphera kuti asakhale wachiphamaso? Ayi. Kulakwitsa kuli poganiza kuti chikondi ndi kutentha kwa mtima basi. Makalata a Mother Teresa wa ku Calcutta, amene anasindikizidwa mu 2007, patatha zaka khumi atamwalira, anaonetsa kuti kuyambira nthawi imene anayamba ntchito pakati pa osauka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anakhala zaka pafupifupi 50 akumva ngati Mulungu ali kutali, kupatula kanthawi kochepa. Komabe ankadzuka mbandakucha kupemphera ndi kupita kukasambitsa odwala akufa. Ena anawerenga makalatawo n'kunena kuti mayiyu ankangokakamizika ndi udindo. Ine ndikuona zosiyana. Munthu savutika ndi kusowa kwa amene samukonda. Ululu umene uli m'makalatawo ndi wa munthu wolakalaka. Apa ndi pamene chizolowezi, nthawi yoikika ya pemphero, malumbiro ndi malamulo a mpingo zimagwira ntchito yake yeniyeni. Chikondi chimadziwa kuti mtima wa munthu ndi wosinthasintha, choncho chimadzimangirira chokha ndi lonjezo pa tsiku labwino kuti chidzapirire pa tsiku loipa. Udindo wotere ndi wobadwa m'chikondi ndipo umachitumikira. Wosiyana nawo ndi udindo umene sunadziwepo chikondi ndipo suchifunanso.

Wina adzafunsa kuti, nanga si Baibulo lomwelo limene limalamula kukonda Mulungu, mu Deuteronomo 6 ndi Mateyu 22? Ngati chikondi chili lamulo, ndiye kuti tabwerera pa udindo pomwe paja. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Immanuel Kant, analingalira zimenezi mu 1785 ndipo anati kukonda kwa mumtima sikungalamulidwe. Chimene chingalamulidwe ndi kuchitira ena zabwino chifukwa n'choyenera, ngakhale mtima usakufuna. Pali choonadi pamenepo, pakuti palibe amene anayamba kukonda chifukwa chokalipiridwa. Koma lamulo la m'Baibulo silibwera lokha. Mu Eksodo 20, Malamulo Khumi asanatchulidwe, Mulungu akuyamba ndi kukumbutsa kuti ndi amene anawatulutsa mu ukapolo. Anawaombola asanasunge lamulo lililonse. Kalata yoyamba ya Yohane ikunenanso kuti chikondi chathu ndi yankho chabe, woyamba kukonda anali Iye. Choncho lamulo la kukonda limaloza munthu kumene ayenera kuyang'ana. Sungadzikakamize kukonda, koma ungathe kuika maganizo ako pa zimene wachitiridwa, kubwerera kumeneko m'mawa ndi madzulo, mpaka kuthokoza kutayamba kumera.

Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1090 mpaka 1153, analemba kabuku konena za kukonda Mulungu komwe anafotokoza kakulidwe kameneka moleza mtima. Anati munthu amayamba ndi kudzikonda yekha. Mavuto akamupanikiza, amayamba kukonda Mulungu chifukwa cha thandizo limene amapeza. Akathandizidwa kawirikawiri, amazolowerana ndi Wothandizayo, n'kuyamba kumukonda chifukwa cha mmene alili. Gawo lotsiriza, pamene munthu amadzikonda yekha chifukwa cha Mulungu basi, Bernard ankakayika ngati wina amalifika mokwanira m'moyo uno. Chimene ndimachikonda m'chiphunzitsochi n'chakuti sichinyoza poyambira. Mayi amene anayamba kupemphera mwana wake atagonekedwa m'chipatala sanalakwe. Wayamba pamene anthu ambiri amayambira. Cholakwika ndi kukhala pomwepo zaka makumi atatu. Tiyeneranso kunena, poti choonadi sichisankha, kuti Bernard yemweyu ndi amene analalikira mu 1146 kuti Akhristu a ku Ulaya apite kunkhondo yoteteza malo oyera, nkhondo imene inatha ndi imfa zambiri. Kulemba bwino za chikondi sikumuteteza munthu ku zolakwa zazikulu, ndipo n'chifukwa chake chikondi cha kwa Mulungu chiyenera kuyesedwa nthawi zonse ndi mmene tikuchitira ndi anthu, kuphatikizapo amene si a chipembedzo chathu.

Nanga kuyembekezera mphotho kapena kuopa chiweruzo n'kulakwa? Pano mpingo unakanganapo kwambiri. Mu 1697 François Fénelon, arkibishopu wa Cambrai ku France, poteteza mayi wina wolemba zauzimu, Madame Guyon, anasindikiza buku lonena za chikondi changwiro, chimene sichiganizanso za mphotho kapena chilango, ngakhale za chipulumutso cha mwini wake. Bishopu Bossuet wa ku Meaux anamutsutsa mwamphamvu, ndipo mu 1699 Papa Innocent XII anakana mfundo 23 za m'bukulo, Fénelon n'kugonjera. Pa mkangano umenewu mtima wanga umakokera kwa Fénelon, koma nzeru zimandiuza kuti anapitirira malire. Mwana amene amakonda bambo ake amafuna kukhala nawo, ndipo kufuna kumeneko si dyera. Ngati mphotho ya Mkhristu ndi Mulungu mwini, kuilakalaka ndi chikondi chomwecho. Dyera limayamba pamene Mulungu wasanduka njira yopezera chinthu china. Za mantha, msonkhano waukulu wa Akatolika wa ku Trent unanena mu 1551 kuti kulapa kochokera m'kuopa chilango ndi mphatso ya Mulungu ndipo kumathandiza, koma n'kosakwanira poyerekeza ndi kulapa kochokera m'chikondi. Wesley nayenso atakalamba anachenjeza alaliki ake kuti asakhumudwitse amene ali ndi chikhulupiriro cha wantchito, koma awalimbikitse kupita patsogolo. Pa mfundo iyi Akatolika ndi Apulotesitanti, amene anakangana pa zambiri, akuyandikana: mantha akhoza kumudzutsa munthu, koma sayenera kukhala kwawo kwa moyo wake wonse.

Zonsezi zikutikhudza kuno kwathu m'njira zoonekeratu. Pali Akhristu ambiri amene chowasunga mumpingo ndi funso la maliro: ndikadzafa, adzandiimbira ndani? Amaonetsetsa kuti khadi lawo la mpingo lasainidwa, mtulo kapena chopereka cha mwezi chalembedwa, kuti tsiku lomaliza mpingo usadzakane kubwera, abale n'kuchita manyazi pamudzi. Sindikuwaseka, chifukwa kuikidwa m'manda mwaulemu n'chinthu chachikulu pakati pathu. Koma mpingo ukazindikira kuti mantha amenewa amadzazitsa mbale, n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito, kuwerenga mayina a angongole pagulu, kufunsa za khadi mtembo uli m'nyumba, umakhala ukuphunzitsa anthu ake kukhala akapolo, ngakhale paguwa ukulalikira za chisomo. Kumbali ina kuli ulaliki wa kubzala mbewu, wolonjeza kuti ukapereka mwakuti udzalandira mwakuti, ntchito, ukwati, galimoto kapena ulendo wa kunja. Umenewu umaphunzitsa mtima wa waganyu, ndipo ndi ndendende chipembedzo chimene Satana ankamunenera Yobu. Wopereka chotere malonjezo akalephera amatsala ndi njira ziwiri zokha, kudziimba mlandu kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kumukwiyira Mulungu ngati bwana wosalipira.

Mpingo uyenera kukhala ndi dongosolo. Denga likadontha liyenera kukonzedwa, abusa ndi ansembe ayenera kudya, ndipo mwambo wodzudzula wolakwa uli m'Chipangano Chatsopano. Zimene zingasinthe ndi zimene mpingo umayamba nazo ndi zimene umatsamirapo. Akulu a mpingo akapita kukayendera amene wasowa miyezi itatu, funso loyamba likhale la moyo wake, matenda, ngongole, chimene chamukhumudwitsa, buku la zopereka litsale kunyumba. Msungichuma afotokoze poyera kumene ndalama zapita, kuti wopereka aone mwana wamasiye amene walipiriridwa fizi ndi wodwala amene waguliridwa mankhwala, monga Paulo anaonetsera Akorinto nkhope za osauka a ku Yerusalemu ndi kusankhitsa anthu odalirika oti aperekeze mphatsoyo. Mlaliki amene watsegula Malaki 3 kuti anene za chakhumi atsegulenso Luka 7. Ndipo banja lofedwa likabwera kudzanena za maliro a munthu amene khadi lake lili ndi mipata, mpingo upite ukaimbe, nkhani ya mipatayo isatchulidwe n'komwe pa siwa.